Zikwama za Alendo Ndinazipempha Ndekha

Palibe anandikakamiza. Pa gulu la WhatsApp la ukwati wa mng'ono wanga mauthenga akadalipo, ndipo aliyense akhoza kukawerenga pomwe ndinalemba ndi zala zangazi kuti, "Za ma welcome bag musadandaule, imeneyo ndi department yanga." Ndinaikaponso ka emoji kovala magalasi akuda.

Ukwatiwo unali wamakono, uja akuti destination wedding. Mkwati ndi mkwatibwi onse amakhala ku Lilongwe, koma anasankha loji ina m'mbali mwa Shire ku Liwonde kuti alendo azidya akuonera mvuu. Ena ankachokera ku Blantyre, ena ku Joni, azakhali amodzi ku Manchester. Ine ndinali nditaona pa Pinterest kuti ukaitanira anthu ukwati kutali, mlendo aliyense amayenera kupeza kachikwama m'chipinda mwake, muli madzi, tokomera pakamwa ndi kakhadi komulonjera. Mumtima ndinangoti, zomwezi? Ndinalonjeza zikwama 80, theme yake "Taste of Machinga", chonsecho Machinga ndinkangoidziwira pazenera la basi. Bajeti ndinalemba ndi mitengo ya m'mutu, yakale, ngati sindinali m'dziko muno mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, moti ndalama imene komiti inanditumizira inayamba kupuma movutika ndisanadutse n'komwe pa Chingeni.

Poyamba ndinafuna majumbo omangidwa riboni, kenako ndinakumbukira kuti majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015 ndipo nkhani yake inakhala ikuzungulira m'makhothi. Ndinati ayi, ine ndine munthu wa environment, tisoketsa zachitenje. Ndinatsika pa Balaka chifukwa ndinamva kuti matelala akumeneko sadula, ndinakwera kabaza nditavala nsapato zagogoda, chikwama kukhwapa, magalasi pamphumi, mnyamata wopalasa akundifunsa mwaulemu ngati ndinakwerapo njinga chibadwire. Muyeso ndinali nditakopera pa intaneti: 14 ndi 16. Eni ake ku America ankatanthauza mainchesi, omwenso telala aliyense kuno amagwiritsa ntchito, koma ine pofuna kumveka wophunzira ndinati masentimita. Bambo aja anandiyang'ana, nayang'ananso tepi yawo. "Mayi, mwatsimikiza? Timeneti ndi toikamo foni?" Ndinawayankha ndi mawu aja timalankhulira anthu a mu ofesi kuti, "Bambo, sokani mmene ndaneneramo." Anasokadi mmene ndinanenera. Ndinalandira mulu wa timatumba tokongola kwambiri toti botolo la madzi silingalowe ngakhale mutalipempha.

Pokasoketsanso ndinasiya za manambala. Ndinangotambasula manja ndi kunena kuti, "Chonchi." Manja a munthu wokwiya amatambasuka kwambiri. Zinatuluka ndi zimatumba zoti mwana wa chaka akhoza kugonamo, nsalu ya dusty pink imene mkwatibwi anasankha inathera pa timatumba tija, ndipo ndalama yotsalayo inangokwana nsalu yobiriwira yojambulidwa atambala.

Tsopano zoikamo. Ku Balaka milambe ili paliponse, ndiye ndinati ufa wa malambe usasowe, poti kunja akuutcha superfood ndipo amaugulitsa mtengo woopsa. Ufa wosefa kale ndinauona wodula, choncho ndinagula malambe athunthu thumba lonse, ndi kubwereka mtondo kwa mayi wa pa resiti hausi. Munthu aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti chikamba cha mlambe chili ndi tiubweya toyabwa. Ine ndinakulira ku Area 25. Ndinawakumbatira pachifuwa, ndinawaswera pamiyendo, ndinapukuta thukuta m'khosi ndi manja omwewo, ndipo pofika madzulo ndinali kudzikanda thupi lonse ndikusinja ndi dzanja limodzi, ana a oyandikana nawo atandandalika pampanda kuonera ulere mayi wa ku town akuvina yekha popanda ng'oma. Ufa umene unapulumuka ndinauika m'timapaketi toonekera. Sindinaganize kuti timapaketi 80 ta ufa woyera timaoneka bwanji mpaka pa rodibuloko ina, pomwe wapolisi anatsegula katoni, nakhala chete, nandiyang'ana nthawi yaitali ine ndikufotokoza m'Chingerezi chosapemphedwa. Analawa pang'ono, nkhope inakwinyika ndi kuwawasa, ndipo anaseka mpaka anaitana mnzake kuti adzaone.

Matemba sindikanawasiya, chifukwa ndi ulemu wa nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukira, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 koma madzi akabwerera nsombazo zimabwereranso. Mbiri imeneyi ndinailemba bwino pa kakhadi. Kenako matembawo ndinawagoneka m'thumba limodzi ndi zikwama zonse, usiku wa mu Okutobala, m'chipinda chotseka mazenera. M'mawa nsalu iliyonse inali itasanduka ndiwo. Ndinathira perefyumu botolo lonse, ndipo fungo linatulukapo sindingalifotokoze m'magazini yowerengedwa ndi ana. Chokoleti chimene ndinanyamula ku Lilongwe ndinachiiwala m'buti ya galimoto ya mlongo wanga, osaganiza kuti Liwonde ili m'chigwa ndipo dzuwa lake la mwezi umenewo siliseka ndi munthu. Potsegula tinapeza phala, litalowerera m'makhadi onse, pomwe panali mayina a akwati pakungooneka mawanga a bulauni.

Thobwa ndiye linandimaliza. Ndinaumirira kuti liphikidwe msanga kuti ndisadzapanikizike, ndinalithira m'mabotolo apulasitiki mpaka pakamwa, ndinatseka zolimba ndi mphamvu zanga zonse kuopa kutayika, ndi kuwaimika mwadongosolo pansi pa bedi langa pa loji. Chimera sichigona kukatentha. Pakati pa usiku, magetsi atazima, mvuu zikulira kumtsinje, ndinamva phuu, kenako phuu winanso, ndipo mutu wanga utaphatikiza mdima, nkhalango ndi nkhani za opha nyama mozemba, ndinatuluka liwiro ndi chitenje chimodzi ndikukuwa kuti akutiombera, mlonda anabwera ndi tochi ndi chibonga, amalume anatuluka atavala kabudula wamkati atanyamula mpando, ndipo tonse tinalowa mwakachetechete m'chipinda momwe denga, neti ya udzudzu ndi diresi langa la mawa zinali kudontha thobwa. Amalume anangonunkhiza ndi kunena kuti, "Mphwanga, ili lasiya kale kukhala thobwa."

Mawu amenewo anandikumbutsa china. Mlamu wanga kwawo ndi ku Ntaja, ndipo abale ake ambiri ndi Asilamu, monga alili anthu ambiri m'boma la Machinga. Izi ndinkazidziwa kuyambira pa chinkhoswe. Komabe m'chikwama chilichonse ndinali nditaponyamo kabotolo ka wine, chifukwa pa chithunzi cha Pinterest kanalimo. Usiku wotsalawo ndinautha nditagwada, foni pakamwa ngati tochi, ndikupisa m'zimatumba zakuya mpaka phewa kusaka timabotolo, osawerenga kuti ndatulutsa tingati. Kutacha, bambo wina wachikulire wa kuchimuna, wovala mkanjo woyera ndi chisoti, anandipeza pa khonde atagwira kabotolo ndi nsonga za zala. "Mayi, ichi mwina chasochera." Ndinagwada pomwepo, ndipo mpaka lero sindikumbuka zimene ndinayankha, koma ndikukhulupirira kuti munali mawu akuti "network".

Zikwama zotsala ndinaziyala pamakonde a zipinda kuti ndijambule zithunzi za Instagram. Za nkhalango ya Liwonde ndinali katswiri: inakhazikitsidwa mu 1973, African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015, akambuku othamanga aja otchedwa cheetah anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018. Zonsezi ndinkauza aliyense wofuna ndi wosafuna. Chimene sindinawerenge ndi chikwangwani chachikulu cha pa reception chopempha alendo kuti asasiye zakudya panja. M'zikwamamo munali nthochi ndi mtedza. Ndinangolowa kukatchaja foni. Potuluka ndinapeza apusi ali pa msonkhano, wina akung'amba paketi ya malambe nkhope yonse mbuu, wina akuthawa ndi riboni m'khosi, ndipo wamkulu wawo ali pamwamba pa mtengo, chikwama cha atambala chili pambali pake, akutulutsa zinthu chimodzichimodzi ndi kutaya zimene sanazikonde. Matemba anataya. Azakhali a ku Manchester anajambula vidiyo, ndipo muli ine ndikulumpha ndi tsache, wigi itapendekera kumanzere.

Chinapulumuka ndi mpunga wokha, theka la kilo m'kathumba kalikonse, chifukwa timatumba ta foni tija tinapeza ntchito. Ndinaugula m'mbali mwa msewu motchipa, ndikudzitama kuti ndanenerera. Mpunga ndimaudziwa ukapsa basi, kusiyanitsa Faya ndi Kilombero uli wosaphika sindingathe. Ndinapereka ndi manja awiri kwa apongozi a mng'ono wanga, mayi amene moyo wawo wonse alima mpunga kudambo, ndi kuwauza mokweza kuti alaweko kukoma kwa Machinga. Anamasula riboni, anathira pang'ono pachikhatho, anauzira. Theka unali wosweka, ndipo anankafumbwe awiri anayamba kuyenda kulowera kuchala chawo chachikulu.

"Mwanangu, munagula kuti?"

Ndinaloza chakumadzulo, mbali imene ndinkaganiza kuti kuli Balaka. Anagwedeza mutu, anathokoza kwambiri, anamanganso riboni bwinobwino.

Mwezi usanathe ndinalandira foni ya kondakitala kuti ndikatenge katundu wanga ku depoti ya Lilongwe. Linali thumba la makilogalamu 50, lochokera ku Ntaja, mpunga woyera wautali wonunkhira kuchokera patali, ndipo pathumbapo panalembedwa dzina langa ndi mawu akuti "wa zikwama". Anyamata onyamula katundu anatchula mtengo, ine ndinati akundibera, ndinyamula ndekha mpaka pa minibasi. Msana ndikupakabe mankhwala.