Mapulani Tiziwatuma Mvula

Mukafunsa anthu a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, chimene akufuna pa chitukuko, sachita kukanda m'mutu: msewu woti nsomba zizifika ku Zomba zisanaole m'dzinja, mijigo, ndi zimbudzi padoko kuti kolera ileke kuchezera asodzi a m'zimbowera, tinyumba ta pamadzi. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) imalemba zonsezi mwaluso, ya m'dera (ADC) n'kuvomereza, pepala ulendo wa ku khonsolo. Kumeneko limakafikira pampando, kudikira msonkhano wokonzekera msonkhano unzake. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inaphweranso mu 2018 mpaka mabwato kukhala pamatope ong'aluka, koma inabwerera yokha popanda kusainira alawansi. Mwina mapulaniwa tiziwatuma mvula. Iyo ngakhale ichedwe, imafika ndithu.