Alendo a m'thumba la ufa

Mwezi ukafika pa 20 ndimasanduka katswiri wa mitengo ku Kamwala. Ndimalowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina, nkhope ili gwa, pamene m'thumba muli ya ufa wa makilogalamu 25 ndi ya minibasi yobwerera ku Chawama basi. Mapeto ake ndimanyamula thumba lotchipa lomwe lakhalitsa pakona.

Tsiku lina mayi a kunyumba atamasula thumbalo, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Bambo, mwagula ufa kapena ziweto?"

Munali tizilombo tofiirira, tating'ono kuposa njere ya mpunga, tikuyenda mwaufulu. Ine ndinati ndi anankafumbwe. Mphwanga wophunzira zaulimi ku yunivesite ya UNZA anapukusa mutu.

"Ayi amalume. Nankafumbwe ali ndi mlomo wautali ndipo amaboola chimanga. Awa ndi a mu ufa, dzina lawo Tribolium."

Mwana amene ndinkamugulira mandasi lero akundiuza maina a alendo a m'nyumba mwanga.

Akuti fungo lomwe linakwiyitsa mayi aja silochokera ku ufa. Kachilomboka kamatulutsa mankhwala onunkha otchedwa benzoquinone, ndipo tikachuluka ufa umasintha ngakhale mtundu. Fungolo ndi chishango. Kuli chuku china, m'bale wake wa bowa, chotchedwa Beauveria bassiana, dzina lochokera kwa Agostino Bassi wa ku Italy amene mu 1835 anaonetsa kuti ndicho chinkapha mbozi za silika. Fumbi lake likagwera pa kachilombo limamera, kuboola khungu, kudya za m'kati, kenako n'kutulukira kunja mtembo uli mbuu. Tizilombo tambiri sitipirira. Koma aka ka mu ufa, mankhwala ake onunkha aja amalepheretsa chukucho kukula bwino, choncho sikafa msanga.

Apa ndinachita nsanje. Ine ndikayenda wapansi kuchokera ku Kamwala dzuwa la Okutobala lili phwee, fungo limene ndimafika nalo si lamasewera. Koma eni nyumba sanabwererepo pakhomo chifukwa cha ilo. Amangoima patali pang'ono n'kutambasula dzanja.

"Nanga chukucho chikalowa ndithu?" ndinafunsa.

Akuti kachilombo kakakazi kogwidwa ndi chukucho kamaikira mazira ochepa, moti banja limayamba kuchepa mwini wake asanafe. Ndinayang'ana ana anga atazungulira mbale, ndinayang'ananso mayi awo, ndipo ndinaona kuti ndi bwino kusanenapo kanthu.

Ndinangofunsa ngati chukucho chimagulitsidwa ku Kamwala, tithire m'thumbamo. Mphwanga anati chimakula bwino pachinyezi, ndipo ufa ukachita chinyezi ndiye kuti nsima yatha.

Mayi anali atatopa nayo sukuluyi. Anandipatsa sefa ndi mphasa, n'kuloza panja pomwe anansi onse amadutsa.

"Sefani, bambo. Mukamaliza mutiuze ngati ali makilogalamu 25 kapena theka linali la ziweto zanu."