Nyali zikuphethira, Kapata yense wasanduka makaniko

Dzinja lino nkhani ya fetereza ndi ya mpira zayamba zaima pa renki ya matakisi ku Kapata, kuno ku Chipata. Yakula ndi ya nyali. Mvula ikayamba chakumadzulo, dalaivala amayatsa nyali zakutsogolo, mawaipa ndi fani yochotsa nthunzi pagalasi, wailesi ili pokopoko, mafoni atatu a makasitomala ali pachaja. Akangofika pa hampu n'kuchotsa phazi pamafuta, nyali zimafiira, mawaipa n'kumayenda monyinyirika. Akapondanso moto, zonse myaa. Ikanakhala galimoto imodzi tikanati ndi tsoka la mwini wake, koma akudandaula ndi a Corolla, a Spacio, a Sienta ndi a Noah omwe, ndipo aliyense wodutsa ali ndi yankho lake.

Chigamulo choyamba chachokera kwa amayi a tomato ndi kapenta mumsika. Iwo akuti musavutike n'kufunsa, kampani ya magetsi ya ZESCO yafika ndi m'magalimoto momwe. Anthu aseka, komatu amayiwa sanaphonye kwenikweni. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, panali nthawi imene magetsi ankayaka maola atatu okha patsiku m'madera ambiri, ndipo mabatire a galimoto anaphunzira kugona m'nyumba. Madzulo bambo amasula batire, akalumikiza ku TV kapena ku inveta, m'mawa n'kuibwezera pamalo pake. Batire ya galimoto sanaipangire zimenezo. Yake ndi kupereka mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako idzazidwenso pompo. Mukamaikama mpaka kuuma usiku ndi usiku imafooka osabwereranso mwakale, ndipo alternator imakhalira yakalavulagaga, kudzaza chinthu chosadzaza.

Pali mdala wina woyenda njira ya ku Chadiza amene za mawaya sakufuna n'kumva komwe. Akuti nyali zake zimafooka malo amodzi okha, pafupi ndi manda ena ake, ndipo akangodutsa pamenepo zimawala bwinobwino. Amene akumuganizira wamutchula kale, ndi mlamu wake wina wa nsanje. Anyamata atamufunsa bwino, zapezeka kuti pamandapo pali chidzenje chachikulu, moti amatsika mpaka giya wani, injini ikungong'ung'udza pansipansi. Atamufotokozera kuti vuto ndi limenelo, mdalayo anangoti, "Nanga dzenjelo analiika pamenepo ndani?" Pamenepo anamusiya.

Amene akuimva msanga nkhaniyi ndi a njinga, ndipo akuimva akuseka, poti tsiku lililonse amalizidwa hutala ndi eni magalimotowa. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira masiku aja Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle konkuno, ndipo amene anakwerapo njinga ya dainamo yokhula tayala akudziwa: ukapalasa mwamphamvu nyali imawala, ukafika pachitunda kamangotsala kofiira. Alternator nayo n'chimodzimodzi, kungoti imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Injini ikangolira, batire yamaliza yake. Nyali, mawaipa, fani ndi wailesi zonse zimadya kwa alternator. Ya galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zadzaza m'tauni muno imapereka maampu 70 mpaka 100 injini ikamathamanga, koma galimoto ikaima injini ili pansi, mphamvuyo imatsika kwambiri. Choncho kuphethira pang'ono fani ikamayamba si matenda. Matenda ndi pamene nyali zimafiira osadzukanso, kapena kanyali kofiira ka batire kakayaka padashibodi galimoto ikuyenda.

Tsono pali anyamata a masipika. Awa ndiye musawakhudze. Buti yonse ndi chibokosi cha sipika, katundu wa kasitomala azikhala pamiyendo, ndipo akamatsika ku Down Shops mumayamba kumva m'chifuwa galimoto isanaoneke. Iwo akuti nyali zawo sizikufooka, zikuvina, chifukwa zimaphethira motsatira ng'oma. N'zoona zimatsatira. Ampulifaya ya mawati 1,000 ikamalira mphamvu zake zonse imakoka maampu opitirira 70, pamene babu la nyali yakutsogolo ndi la mawati 55 kapena 60 basi. Ndiye kuti nyimbo yokha yadya pafupifupi zonse zimene alternator ingapereke, zotsalazo azilimbirana nyali ndi injini. Wina waonjezerapo mzere wa nyali zoyera pabampala ndi tina tabuluu pansi pa galimoto, mawaya ake opotokola ndi manja n'kukulunga tepi. Ameneyu akadzanunkhiza pulasitiki wopsa asadzati sanauzidwe.

Wogulitsa mabatire ali ndi yankho limodzi pa funso lililonse, ndipo simungamuimbe mlandu, ndi malonda ake. Nyali zafooka? Batire. Galimoto yakana kulira m'mawa? Batire. Ambiri amagula, sabata ziwiri zimayenda bwino, kenako vuto lija labwerera, chifukwa batire yatsopanoyo yangodyedwa osadzazidwa. Apa m'pamene anthu akutaya makwacha ambiri, ndipo ine ndimaona kuti n'kufuna, chifukwa choyezera chilipo ndipo kuyezako sikutha mphindi zisanu.

Kuseri kwa msika kuli mkulu wina wa zamagetsi a galimoto, wogwirira pansi pa mtengo wa mango, tebulo lake lodzaza maalternator otsegula m'mimba. Mnyamata wa takisi anafika akuti, "Amalume, alternator yafa, ndipezereni ina." Mkuluyo sanayankhe. Anatulutsa kamita kake kachikasu kosweka galasi, waya wofiira uku wakuda uku pamitu ya batire, injini ili chete: 12.5. Anagwedeza mutu kuti ili bwino, poti yodzaza imaonetsa mavolti 12.6. "Liza." Mnyamata analiza, mita n'kukwera kufika 14.1, pakati pa 13.5 ndi 14.5 pamene alternator yamoyo imayenera kukhala. "Yatsa zonse, uponde pang'ono." Nambala inagwa, ndipo kutsogolo kunamveka kulira kwa tswii. Mkuluyo anazimitsa injini, anadina lamba ndi chala chachikulu, lamba n'kulowa osalimbana naye, wosalala ndi wonyezimira chifukwa chakutha. Kenako analoza mutu wa batire umene unali utamera ufa woyera wobiriwirako. Anatuma mwana kukatenga madzi otentha ndi soda wa kukhitchini, anatsuka, anapala ndi sandipepa, anamanga. "Alternator yako ilibe mlandu, mwana wanga. Kagule lamba."

Mkuluyo akuti zambiri zimathera pomwepo: lamba wolefuka amene amaterereka kwambiri akanyowa ndi mvula, mitu ya batire yakuda, kapena waya wa ethi wopita kubodi umene wachita dzimbiri. Ngakhale alternator ikakhala yodwaladi, si nthawi zonse pofunika ina. M'kati mwake muli timakala tiwiri, mabulashi, timene timaperepeseka ndi zaka ndipo timasinthika. Muli reguleta yoletsa mphamvu kupyola muyeso. Ikafa mita imatha kudutsa 15, batire n'kumawira, mababu n'kumapsa motsatizana. Muli madayodi, ndipo imodzi ikabooka, galimoto imene munaimika madzulo ili bwino mumaipeza m'mawa ilibe ndi kaphokoso komwe, batire yatha usiku. Bering'i ikatha ndiye simufunika kuuzidwa, imalira yokha.

Chimene chimamukwiyitsa mkuluyu ndi kuyeza kwa akatswiri a pa renki, kochotsa waya wa batire injini ikulira, ati ikazima ndiye kuti alternator yafa. Madala amene anayendetsa Land Rover ndi Peugeot 404 akulumbira kuti ankatero ndipo palibe chinkachitika. Sakunama, koma magalimoto amenewo analibe kompyuta. Batire imameza kudumpha kwa mphamvu; mukaichotsa injini ikuyenda, kudumphako kumakagwera kompyuta ya injini ndi madayodi omwe mumafuna kuyesawo. Munthu amabwera ndi vuto la lamba n'kubwerera ndi galimoto yokokedwa pachingwe.

Nawo okankha magalimoto akudandaula kuti ntchito yawathera. Kale batire ikatha mumaitana anyamata anayi, giya thu, kankhani, vuu yalira, muwapatse ya drinki. Zambiri zobwera kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde masiku ano ndi zaotomatiki, ndipo imeneyo mungaikankhe mpaka ku Mwami osalira. Pamafunika mawaya ojampira ndi mnansi wamtima wabwino, ndipo mnansiyo tsiku lachitatu amayamba kuyang'ana kumbali.

A njinga zamoto, amene achuluka zedi m'zaka zapitazi, nawonso alowererapo, koma awa sitiwawerengera, chifukwa ena mwa iwo nyali yawo ndi tochi ya foni imene wagwira kasitomala kumbuyo.

Mwambo wa Nc'wala uli pafupi. Loweruka lomaliza la February tauni yonse idzakhamukira ku Mtenguleni kukaona Nkosi yamaNkosi Mpezeni, ndipo pobwera kudzakhala kutada, mwina mvula ili mkati, msewu wa Great East uli thothotho ndi anthu apansi, njinga ndi ngolo zopanda nyali. Alternator ikafa panjira galimoto imayenda ndi batire yokha, ndipo nyali ndi mawaipa zili zoyaka siipita patali. Nyali zimayamba kufiira, kenako injini imazima pomwe yafuna. Inu eni matakisi ndi ma Noah, pitani mukayezetse sabata ino, ndipo musanagule batire uzani wogulitsayo ayambe waika mita injini ikulira.