Kodi m'kabokosi kameneka ndilembemo chiyani?

Pepani inu odziwa za makompyuta, ndifunse nawo, paja kufunsa ndi kudziwa njira. Mukatsegula Google pa foni pamabwera kabokosi kopanda kanthu, kakudikira kuti mulembemo mawu. Talembanimo kuti Chiromo. Pa zimene zibwerezo mupezapo nthambi ya University of Nairobi, msewu ndi chipatala, zonse za ku Kenya. Akuti dzinali analitengera kumeneko ndi Ewart Grogan, mzungu amene anadutsa kuno pa ulendo wake wochokera ku Cape kupita ku Cairo pakati pa 1898 ndi 1900. Atamanga nyumba ku Nairobi pamene mitsinje iwiri imakumana, anakumbukira pano pamene Ruo amathira mu Shire. Ndiye makinawo sananame ayi. Koma bwanji osandifunsa kuti, "Bambo, Chiromo wake uti, wa ku Nsanje kapena wa ku Nairobi?" Kondakitala wa minibasi amafunsa musanakwere.

Imeneyo ndi yaing'ono. Vuto langa lenileni n'lakuti zimene ife timafuna kudziwa kuno zilibe mawu amodzi. Ndi midzi iti mwa Mlolo imene inamira mu Januwale 2015, n'kumiranso ndi namondwe Idai mu Marichi 2019, n'kudzamiranso ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023? Ndi mijigo iti pakati pa Makhanga ndi Muona imene ikutulutsa madzi, ndipo madzi ake si amchere? Funso lotere ndilipanikiza bwanji m'kabokosi? Ukalemba kuti "kusefukira kwa madzi Nsanje" umalandira nkhani za m'nyuzipepala ndi zithunzi za nduna ikupereka ufa.

Chonsecho ndimamva kuti mayankho alipo. Mu 2018 a National Statistical Office anatiwerenga khomo ndi khomo, napeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje ndi oposa 560,000 ku Chikwawa, ogawidwa potsata mafumu, zaka zobadwa, amuna ndi akazi. Pano pa Chiromo pali poyezera kukwera kwa madzi a Shire. Boma lili ndi MASDAP, malo a pa intaneti osungirako mapu a mitsinje, misewu, sukulu ndi madera osefukira. Mijigo inalembedwa mu mWater, uliwonse ndi malo ake komanso ngati ukugwira ntchito kapena unafa. Zonsezi zinasanjidwa m'mizere, monga amachitira alangizi a zaumoyo m'kaundula wawo: apa mudzi, apa tsiku, apa chiwerengero. Nanga zinthu zosanjidwa kale chonchi zimathera bwanji mu PDF ya masamba ambirimbiri, ya Chingerezi, imene bandulo imatha isanatseguke?

Mphwanga amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre anandionetsa tsamba logulitsa nsapato. Sanalembe liwu n'limodzi lomwe. Anadina pa "zachimuna", nsapato zinachepa. Anadina pa saizi, zinachepanso. Anadina pa mtengo, zinatsala zowerengeka, ndipo pambali pa chosankha chilichonse panali nambala yosonyeza kuti mukadina pamenepo mutsala ndi zingati. Munthu sungasochere, chifukwa njira yopanda kanthu imaoneka usanailowe. Ndi kupeta basi, gaga apite ku mphepo, mphale itsale m'lichero.

Ndiye ndinamufunsa: ngati zimatheka ndi nsapato, zikukanika bwanji ndi mijigo? Ndidine Nsanje, ndidine Mlolo, ndidine "yogwira ntchito", ndione timadontho pa mapu. Iye akuti zimatheka ndithu, ndipo ena amachita, kungoti masamba ake anawapangira anthu a mu ofesi okhala ndi laputopu. Anandiuzanso za Wikidata, nkhokwe imene ungaifunse funso lalitali ndithu, monga mitsinje yonse yothira mu Shire, koma uyenera kulilemba m'chinenero cha makina chotchedwa SPARQL. Aa! Pamwamba pa Chisena, Chimang'anja ndi Chingerezi chothyokathyoka, ndiphunzirenso china ndi imvi zangazi?

Chondizunguza mutu n'chakuti njira yake tili nayo kale m'thumba. Gogo amene sanapondeko m'kalasi amatha kudina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, kafoni kake ka mabatani komweko. Foni imamufunsa, iye amasankha 1 kapena 2, imamufunsanso, mpaka ndalama yapita. Palibe amamuuza kuti aganize yekha mawu olembamo. Nanga bwanji pasakhale nambala yoti ndidine, ndisankhe Shire kapena Ruo, indiuze kuti madzi akwera bwanji kuyambira dzulo? Kodi ndalama n'zofunika kuposa kudziwa nthawi yokweza mbuzi kumtunda?

Sindikuti zonse zionekere aliyense. Kaundula wa UBR, amene amasankhiramo olandira Mtukula Pakhomo, muli maina a anthu ndi umphawi wawo. Amenewo asungidwe. Ine ndikufuna midzi, mijigo, sukulu ndi madzi.

Funso lina, mundipirire. Amene amasankha zodinazo ndani? Ngati iye sanaganize za madzi amchere, ine ndidina pati? Ndipo kadontho ka pa mapu kamanena kuti kanalembedwa liti? Ruo anasintha njira mu 2015, kotero mapu ojambulidwa chisanafike chaka chimenecho amaonetsa mtsinje pamene lero pali mchenga. Mjigo umene unali wamoyo mu 2018 mwina Freddy anaukwirira. Pa mapu ena njanji imachoka ku Bangula kudzafika ku Chiromo ili yosaduka, pamene inakokoloka mu 1997, ndipo anthu akhala akuolokera pa mabwato pa Mtayamoyo, njinga ndi matumba a chimanga pamodzi. Mlendo wokhulupirira mzere umenewo angafike pagombe n'kumadikira sitima.

Inu amene mumapanga masamba amenewa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, bwerani mvula isanayambe. Mupereke chimene mwapangacho kwa wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzi, pa foni yake, m'Chichewa kapena m'Chisena, inu mukhale chete osamulozera. Akapeza mjigo wa m'mudzi mwake ndi tsiku limene unayenderedwa komaliza, ine ndileka kufunsa.