Magalamu 20 amene sindinayeze

Kusukulu kwathu anthu amangoti "ngozi ya mu labu ija," ngati kuti inachita kugwa kuchokera kumwamba. Inetu ndikudziwa kuti ndinaikonza ndekha, ndi manja anga, kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri la sabata ina m'mwezi wa Meyi 2023, ndipo amene anapsa nayo ndi mwana wa eni.

Ndimaphunzitsa pa CDSS ina kumwera kwa boma la Mzimba. Mukatsika minibasi pa Jenda, pomwe amayi amayala tomato, anyezi ndi kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, mumakwera kabaza kulowera cha ku Embangweni. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo maphunziro anga ndi a uphunzitsi wa pulayimale. Anandikweza kupita ku sekondale chifukwa pa MSCE ndinakhoza bwino Physical Science, phunziro lomwe pambuyo pake analigawa pawiri kukhala Chemistry ndi Physics. Ambirife m'ma CDSS tinalowa choncho. Sukuluzi zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE omwe boma linawasandutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zambiri zinayamba popanda labu. Yomwe ndinaphunzira ine inali yotero. Burette ndinkaijambula bwino kwambiri pa bolodi, ndi kampopi kake komwe, koma ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Zimenezi sindinauzepo munthu.

Mayeso a MANEB atayandikira, ana a Folomu 4 anayamba kundipanikiza. "Sala, titration ija tidzaiona liti ndi maso?" Ankanena zoona. Pepala la practical silifunsa zojambula. Mwana amapatsidwa zida n'kuuzidwa kuti achite. Ndinawalonjeza Lachiwiri.

Loweruka ndinalawirira ku Mzimba boma kukabwereka zida pa sukulu ina yaikulu. Bambo oyang'anira labu kumeneko anandilandira bwino. Anandipatsa ma burette awiri a mamililita 50, ma pipette anayi a mamililita 25, kabotolo ka phenolphthalein ndi chigubu cha hydrochloric acid wosungunula kale, cholembedwa bwinobwino kuti 0.1 M. Sodium hydroxide anati watsala wochepa, akusungira ana awo. Kenako anandifunsa mafunso awiri omwe ndimawamvabe mpaka lero.

"Aphunzitsi, sikelo muli nayo? Nanga zokokera pa pipette?"

"Zonse zilipo, bwana," ndinatero.

Panalibe chilichonse. Ndinachita manyazi kuoneka mbuli pamaso pa munthu amene sanali ngakhale mphunzitsi, pomwe ine ndinali nditavala tayi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula la tsiku limenelo anadya ndi wina.

Ndinagula caustic soda m'sitolo ina pa boma, yemweyu amayi amapangira sopo. Masamu ake ndinkawadziwa ngati dzina langa. Sodium 23, oxygen 16, hydrogen 1, zonse pamodzi 40. Kuti mupeze 0.1 M mumafuna magalamu 4 pa lita imodzi. Pa malita 5 ndiye magalamu 20. Pobwerera ndinatsikira pa Jenda n'kupempha mnyamata wina wogulitsa nyemba kuti andibwereke sikelo yake ya koloko ija. Sikelo yoyezera matumba siimva magalamu 20. Ndinathira pang'ono, muvi osasuntha. Ndinaonjezera, osasunthabe. Ndinapitiriza kuthira mpaka muvi unachoka pa ziro, ndipo ndinadziuza kuti pafupifupi ndi pomwepo. Nditawerengera pambuyo pake, zomwe ndinamanga m'kajumbo zija zinali ngati magalamu 200, kuchulukitsa ka 10.

Lolemba madzulo ndinabwereka poto kwa amayi a nyumba yomwe ndimachita lendi. Ndi gogo wachingoni wolankhula Chitumbuka, amene amanditenga ngati mwana wawo. Anandipatsa poto wawo wa aluminiyamu wophikira thobwa. Ndinathiramo madzi a pa mjigo, n'kukhuthuliramo timiyala toyera tija, m'chipinda changa, chitseko chili chitsekere chifukwa kunali mphepo ya mwera, kandulo ikuyaka pawindo.

Potoyo anayamba kufunda mpaka kutentha m'manja, ndipo ndinati n'zodziwika, caustic soda amatulutsa kutentha akamasungunuka. Kenaka madzi anayamba kuchita thovu, tinthubwinthubwi tikukwera kuchokera m'mbali mwa poto ndi kaphokoso ngati ka Fanta wongotsekula kumene. Pamenepa ndiye pamandiwawa, chifukwa chaka chomwecho ndinali nditalemba pa bolodi kuti aluminiyamu amadyedwa ndi asidi komanso ndi alkali, ndipo mpweya wotuluka ndi hydrogen, uja amaphulika ukamuyandikizira moto. Ndinalemba, ana anakopera, ndinawachonga. Koma zitachitika pamaso panga, m'poto wa thobwa, sindinazizindikire. Dontho lina linagwera pa chala. Ndikufikisa, chala chinaterera ngati ndagwira sopo. Kutererako n'kuti mankhwala akusungunula mafuta a khungu langa lomwe. Ndinangopukutira ku thalauza.

Gogo aja ndi amene anatsekula chitseko, atamva ndikutsokomola. Anasuzumira m'poto, n'kuona mkati mwada bii. Iwo amatcheza chidulo cha phulusa la zitsononkho chophikira therere, ndipo amachitchezera m'mbale yadothi kapena ya pulasitiki basi. Anagwedeza mutu.

"Asambizgi, chinthu chakudya poto chonchi mukufuna mukapatse ana?"

Ndinawayankha kuti asadandaule, ndi za sayansi. Ndinakhuthulira madzi otuwawo m'chigubu cha mafuta ophikira chotsuka, osalembapo kanthu, n'kukagona.

Labu yathu ndi kalasi wamba yomwe tinakankhira madesiki kukhoma. Mpopi mulibe. Lachiwiri m'mawa ana 40 ndi kena anaunjikana mozungulira ma burette awiri aja, maso ali tong'o. Ndinawaonetsa kukoka madzi ndi pakamwa pa pipette n'kutseka ndi chala, momwe ndinaonera pa chithunzi cha m'buku lina lakale, koma ine ndinaonetsa ndi madzi akumwa. Gulu loyamba linakoka za m'chigubu changa chija, kuthira m'botolo, kudonthezamo phenolphthalein. Madzi anasanduka apinki, ana n'kuwomba m'manja. Mtima wanga unadzaza. Ndinaganiza kuti tsopano ndakhala mphunzitsi weniweni.

Anatsekula kampopi, asidi n'kumadontha. Mankhwala onse awiri akanakhala a 0.1 M, mtundu wapinki ukanazimirira pa mamililita 25 kapena pafupi pomwepo. Anafika 25, palibe. Anafika 40, palibe. Burette yonse inatha, botolo lili psuu ngati poyamba. Gulu lachiwiri chimodzimodzi. Kuti asidiyo agonjetse zomwe ndinakonza pankafunika ma burette angapo odzaza. Munthu wodziwa ntchito akanaimitsa zonse pomwepo, chifukwa botolo lija linali kundiuza poyera kuti mankhwala anga ndi aukali mopitirira. Ine ndinakalipira ana kuti akuthamangitsa kampopi, ayambirenso.

Amene anadzipereka kuyambiranso ndi mtsikana wina wokhala kutsogolo, amene ankafuna kudzakhala namwino ndipo ankandifunsa mafunso ovuta kuposa anzake onse. M'kapu momwe tinathira mankhwala munali mutatsala pang'ono. Akukoka, nsonga ya pipette inatuluka pamwamba pa madzi, mpweya unalowa, ndipo zonse zinathamangira m'kamwa mwake. Analavula nthawi yomweyo, pipette n'kugwa pansi phwaa. Sanakuwe. Anangogwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, akundiyang'ana ine.

Mutu unandiima. Chomwe chinabwera m'maganizo ndi chiganizo cha m'buku, chakuti asidi amathetsa mphamvu ya alkali. M'kabati munali botolo la viniga lomwe ndinkaphunzitsira a Folomu 2, pamodzi ndi mandimu ndi madzi a maluwa ofiira omwe timagwiritsa ntchito m'malo mwa litmus. Ndinalitsekula n'kumapita nalo kwa mwanayo. Madamu a Biology, omwe anathamangira kuno atamva phokoso la ana, anandimenya dzanja botolo n'kutayika.

"Maji! Maji!" anakuwa, akumukoka mtsikanayo kupita ku mjigo.

Anyamata awiri ankapopa mosinthana. Madamu anamuweramitsa mutu kuti madzi azilowa m'kamwa n'kutuluka, asamameze, ndipo anandiuza kuti ndiyang'ane wotchi, tisasiye mphindi 20 zisanakwane. Imeneyo ndi ntchito yokhayo yomwe ndinaigwira bwino tsiku limenelo. Mwana wina anati timusanzitse. Madamu anakaniza, chifukwa ngati wamezako, mankhwalawo awotcha kummero kawiri, polowa ndi potuluka. Za viniga anandifotokozera madzulo ake, mosakweza mawu, kuti asidi ndi alkali zikakumana zimatulutsa kutentha, ndipo ine ndikanaziphatikizira pa chilonda cha m'kamwa mwa mwana.

Tinakwera makabaza awiri kupita ku chipatala cha mishoni ku Embangweni. Mtsikanayo anali pakati pa woyendetsa ndi Madamu, atagwirizira chitenje chonyowa pakamwa. Adokotala anamuunika m'kamwa ndi tochi, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndi mankhwala anji?"

"Sodium hydroxide."

"Wamphamvu bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene 0.1 M, n'kukumbukira muvi wa sikelo ya nyemba, poto wakuda, ndi botolo lokana kuyera lija. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana kanthawi, n'kulemba. Mwayi unali woti mwanayo sanameze. Mlomo wam'munsi, lilime ndi nkhama zinali zitasupuka, zoyera ngati zathiridwa madzi owira. Anamugoneka kuti aone ngati kummero kutupe. Atatuluka, kwa masiku oposa 10 ankangomwa phala lamadzimadzi ndi mkaka, zozizira, ndipo kusukulu sanabwere. Apa n'kuti mayeso atatsala milungu yowerengeka.

Bambo ake ali ku Joni, monga abambo ambiri a m'dera lino. Anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg usiku womwewo, ndipo zomwe ananena zinali zondiyenera. Loweruka ahedi anandiperekeza kumudzi kwa agogo ake aamuna. Tinakhala pafupi ndi khola la ng'ombe, ife pa timipando, amayi pa mphasa chapatali. Ndinali nditakonza mawu ambiri onena za kusowa kwa zipangizo m'sukulu za boma. Mkuluyo anamvetsera ahedi mpaka kumaliza, kenako anandifunsa m'Chichewa chapang'onopang'ono, kuti ndimve bwino.

"Aphunzitsi, chomwe munamuuza mdzukulu wangayu kuti achite, inu munayamba mwachitapo?"

"Ayi, agogo. Sindinachitepo."

"Nanga panalibe wokufunsani, kapena woti inu mumufunse?"

"Analipo. Ndinawanamiza."

Ahedi anandicheukira, chifukwa zimenezi anali asanazimve. Mkuluyo anakhala chete nthawi yaitali, akukanda pansi ndi ndodo. Sanatchule za chindapusa. Anati ndilipire za kuchipatala ndi makabaza, ndipo masiku onse omwe mwanayo wajomba ndizibwera ndekha pakhomopo kudzamuphunzitsa, iwo ali pomwepo. Ndinayenda ulendowo madzulo aliwonse. Mtsikanayo ankayankha polemba pa pepala, chifukwa kulankhula kunkamupweteka.

Poto wa gogo uja anaboka timabowo pansi. Ndinagula wina mwezi utatha. Pipette yosweka ndinakainena ndekha ku boma, ndipo ndinawauza bambo a labu aja zonse, kuyambira pa bodza la sikelo. Sanandinyoze. Anandiuza kuti ndibwere Loweruka katatu. Anandiimika pa sikelo yawo yamagetsi mpaka ndinayeza magalamu 4.00, ndipo ndinadabwa kuona kuchepa kwake, kosadzaza ndi supuni yaing'ono yomwe. Anandiphunzitsa kusungunulira m'galasi kapena m'pulasitiki, kulemba dzina, mphamvu ndi tsiku pa botolo ndisanalitseke, kuthira asidi m'madzi osati madzi mu asidi, ndi kuika ndowa ziwiri za madzi pakhomo la kalasi ana asanalowe. Pa zokokera, anatenga jekeseni wopanda singano wa ku famase ndi kapaipi ka labala, n'kulumikiza kumutu kwa pipette. Ku maphunziro a aphunzitsi a SMASSE amatilimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, TALULAR ija, ndipo ine ndinkaimva ngati chilolezo chongoyerekeza. Bambo aja anandionetsa kuti jekeseni angalowe m'malo mwa chokokera, koma palibe cholowa m'malo mwa sikelo.

Tinabwereza practical ija m'mwezi wa Juni, kutatsala sabata ziwiri. Ndinayamba ndauza kalasi yonse zomwe ndinalakwitsa, manambala ake ndikulemba pa bolodi, 20 ndi 200. Mtsikana uja anali atabwerera, koma anaima pakhomo, pafupi ndi ndowa. Magulu atatu anachita iye ali pomwepo. Sindinamuitane. Gulu lachinayi litayandikira, anabwera yekha n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa jekeseni uja. Dzanja linkanjenjemera, ndipo anaphonya mzere kawiri asanaupeze. Anadonthezamo phenolphthalein, anagwira kampopi ndi dzanja lamanzere, lamanja likuzunguza botolo. Atadutsa 23 anayamba kudontheza limodzilimodzi. Mtundu wapinki unazilala, kubwerera pang'ono, kenako n'kuzimiririka.

Anawerama kuti diso lilingane ndi madzi a mu burette.

"24.6, Sala," anatero, lilime likukokabe pang'ono.

Ndinalemba pa bolodi, n'kumuuza kuti achitenso kachiwiri tione ngati zigwirizane.