Za Mafilimu Sizikutha M'minibasi za Lusaka

Amene akufuna kudziwa mmene mafilimu athu akuyendera angokwera minibasi ya ku Chelstone madzulo anthu akuweruka, akhale kumbuyo, atchere khutu. Isanafike pa Manda Hill wina amakhala atayambitsa kale nkhani ya sewero la Mpali, ndipo pofika pa Munali okwera amakhala atagawikana, aliyense ali ndi mkazi wa a Nguzu, mwamuna wamitala wa m'sewerolo, amene akumuikira kumbuyo.

Sewero la mitala limeneli, la Frank Sibbuku, linayamba kuonekera pa Zambezi Magic mu 2018, ndipo lasanduka mlandu wa pabanja umene tauni yonse ikuweruza. Azimayi amadziwa mkazi wansanje, amadziwanso wapakamwa pokoma pamaso pa mwamuna koma kuseri ali ndi zake. Azibambo amati iwo saonera zimenezo, amangokhala pabalaza kudikira mpira. Koma mungosokoneza dzina la mkazi wachitatu, woyamba kukukonzani ndi bambo yemweyo, mpaka kukuuzani zimene zinachitika sabata yatha. Mphekesera ya m'basi imati osewera amene amatenga mbali ya munthu woipa mtima amachedwa pogula tomato pamsika wa Soweto, chifukwa amayi ogulitsa amafuna ayambe awalangiza kaye asanawapatse chenji. Mwaka Mugala nayenso dzina lake lenileni linamira: kwa anthu ambiri ndi Zuba basi, mtsikana wakumudzi wa m'sewero lina la dzina lomweli amene anabwera kudzagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera.

Ku Kabwata nkhani imabwerera m'mbuyo. Pometera tsitsi, achikulire salola kuti anyamata atamande Zuba asanamve za Kabanana, sewero la pa ZNBC la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene TV imodzi inkakwanira mzere wonse wa nyumba, ana atadzaza pawindo, mwini nyumba akukuwa kuti asagwetse katani. Anyamata amaseka, amati zithunzi zake zinali zachimbuuzi. Achikulire amayankha kuti chimbuuzi chomwecho ndi chimene chinaphunzitsa Lusaka kuti nkhani ya m'komboni ikhoza kuonekera pa TV. Apa ine ndili kumbali ya achikulire. M'badwo umenewo ndiwo unatipatsa Musola Cathrine Kaseketi, mayi amene kulumala sikunamuletse kutsogolera filimu ya Suwi ndi kuyambitsa chikondwerero cha mafilimu cha Shungu Namutitima ku Livingstone. Dzina lake liyenera kumveka kwambiri kuposa mmene likumvekera.

Mkangano wokoma kwambiri uli ku Woodlands ndi Kabulonga, ndipo ndi wa Rungano Nyoni: kodi ndi wathu kapena ndi wa azungu? Anabadwira mu Lusaka muno mu 1982, ali mwana banja lake linasamukira ku Cardiff m'dziko la Wales. Filimu yake ya I Am Not a Witch inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA imene imapatsidwa kwa opanga mafilimu a ku Britain ongoyamba kumene. Pamenepo ndi pamene ena amagwira: mphoto ya a ku Britain, ndalama zochokera kunja, ndiye Zambia ili pati? Anzawo amayankha mowerengera pa zala. Kamtsikana kotchedwa mfiti, komangidwa ndi riboni yoyera n'kuuzidwa kuti kakaidula kadzasanduka mbuzi, ndi Maggie Mulubwa, mwana wakuno amene anali asanasewerepo filimu. A Banda, mkulu wa boma wadyera uja, ndi Henry B.J. Phiri, amene nkhope yake timaidziwa. Chinyanja chikumveka m'filimuyo, fumbi ndi lathu. Mukufunanso chiyani?

Kenaka kunabwera On Becoming a Guinea Fowl, ya nkhanga ija, imene mu 2024 inapatsa Nyoni mphoto ya wotsogolera filimu wopambana m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes, mphoto imene anagawana ndi Roberto Minervini. Iyi ndiye yachititsa kuti tiyi azizire m'makapu. Shula, amene akuseweredwa ndi Susan Chardy, akuchokera kuphwando usiku atavala zonga za Missy Elliott, n'kupeza mtembo wa amalume ake Fred uli pamsewu. Chotsatira ndi maliro, ndipo aliyense amene anagonapo panyumba ya maliro mu Lusaka amazindikira chilichonse: mipando kutulutsidwa, matiresi pansi, azakhali kuyang'ana amene akulira mokwanira ndi amene sakulira, atsikana kuphika osapuma pamene azibambo akudikira mbale panja, wamasiye wachichepere kudzudzulidwa kuti sanasamalire mwamuna wake. Owonera amaseka poyamba, wina kugwedeza mnzake kuti awo ndi azakhali athu enieni. Kuseka kumachepa zikadziwika zimene malemuyo ankachitira atsikana a m'banjamo, ndiponso kuti akuluakulu ankadziwa.

Amayi ena achikulire amati mwanayu waulula za m'nyumba pamaso pa alendo. Atsikana amayankha kuti za m'nyumbazo ndi zimene zakhala zikuwadwalitsa. Nkhanga imalira ikaona choopsa kuti zinzake zithawe, ndipo filimuyo ikufunsa chifukwa chake m'mabanja mwathu wolira choncho ndi amene amakalipiridwa. Ine ndikuti Nyoni ndi wathu, ndipo umboni wake ndi umenewu: mlendo sakanadziwa kuti pamaliro mkangano weniweni umayambira kukhitchini.

Filimu imene sinakanganitse anthu ndi Can You See Us? ya Kenny Mumba, yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, amene ndi wachialubino. Italowa pa Netflix mu 2023, yoyamba yaitali ya ku Zambia kufika kumeneko, anthu ankatumizirana uthenga pa WhatsApp kuti konzekerani kansalu kopukutira misozi. Amene ankati filimu yakuno singawalize anatsala ndi chifukwa chimodzi chokha, chakuti m'maso munalowa fumbi.

Paliponse, nkhani ikafika pakatikati, wina amatchula malaiti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo masewero ambiri anthu anawatsatira pakamwa. Wa jenereta kapena sola ankadzuka ali mtolankhani wa msewu wonse. Ena ankaonera tizidutswa pa Facebook, foni ili pa 5 peresenti, mtima uli m'mwamba kuti ingazime a Nguzu asanayankhe.

Koma pali chinthu chimene chimandipweteka m'macheza onsewa. Mukafunsa bwinobwino, ambiri amene amakangana za filimu ya nkhanga sanaione yonse. Anamva, anawerenga, anaona kachidutswa. Malo oonetsera mafilimu ali m'mamolo, tikiti ndi transipoti zikaphatikizana zimadya ndalama ya ndiwo, ndipo intaneti yoonera filimu yathunthu si ya aliyense. Osewera nawonso amadandaula kuti kutchuka kulipo koma m'thumba mulibe kanthu: munthu amamupempha selefi m'minibasi momwemo, iye akuwerenga makobidi a kondakitala. Chikhalirecho achinyamata sakubwerera m'mbuyo. Kuyambira 2018 sukulu ya MultiChoice Talent Factory yakhala ikuphunzitsa opanga mafilimu a kum'mwera kwa Africa mu Lusaka muno, ndipo pa Lusaka Playhouse sipasowa gulu limene likukonzekera sewero.

Choncho inu eni mafilimu, inu a makampani amene mumathandiza mpira ndi makonsati, ndi inu a khonsolo, bweretsani mafilimuwa kwa eni nkhani. Nsalu yoyera, jenereta ndi mtengo woti mayi wogulitsa pamsika angakwanitse, pa Kabwata Cultural Village Loweruka madzulo, kenaka ku Chelstone, ku Matero, ku Kabanana komweko. Ndalama ya pakhomo ifike kwa osewera. Nanunso a m'minibasi, filimu yakuno ikabwera pafupi, lipirani mulowe, muione kuyambira poyamba mpaka pomaliza.