Bawuti ndikuliona, dzanja silikufika

Tsiku lina ndikanakonda kukumana ndi munthu amene anajambula njinga yamoto yangayi. Nkhope yake ndilibe nayo ntchito. Ndikufuna ndingoona dzanja lake, ndiliyeze ndi langa, chifukwa ndikukayika ngati tinaumbidwa ndi dothi limodzi. Zala zanga zinakulira pa mpini wa khasu ndi pa nthongo za mgaiwa. Mipata imene mkuluyo anasiya kuti munthu apisemo dzanja imangolola zala ziwiri, ndipo zala zikalowa, sipanala imatsala kunja. Pa njinga imeneyi bawuti limene ukuliona sungalifike, limene walifika sungalione, ndipo limene ukuliona n'kulifika bwinobwino ndi lija losafunika kumasula.

Chondipweteka n'chakuti injini yake anaipangira anthu a mtundu wanga. Mu 1974 kampani ya Honda inatuma akatswiri awiri kukazungulira mayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu wamba amakhalira ndi njinga zawo. Anakapeza banja lonse lili pa chishalo chimodzi, katundu pamwamba, oyilo wakuda bii wosasinthidwa, njinga yoonana ndi makaniko pokhapokha ikafa. Anthu amenewo sindinawaonepo, koma ndi abale anga enieni. Akatswiri aja atabwerera kwawo sanakalipire munthu. Anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975, ya injini yopirira ulesi wa mwini wake. Njinga zambiri za ku China, monga yangayi, zimene zadzaza m'masiteji a kabaza zili ndi injini yotengera pa imeneyo. Ndiye taganizani, anthu ophunzira anakhala pansi kukonza makina oti ngakhale mbuli iwasamale, koma mbuliyo, ine amene, thukuta lili kamukamu.

Tiyambe ndi oyilo, ntchito imene pa kabuku imaoneka ya mphindi zochepa. Kumunsi kwa injini, mbali ya kumanzere, kuli chitsekerero cha sipanala ya 24. Kuseri kwake kwabisala sipuling'i ndi kasefa kakang'ono. Oyilo amatuluka bwino injini ikadali yofunda, choncho umagona chammbali pafumbi, tsaya lili pafupi ndi chitsulo chotentha, n'kumapotokola pang'onopang'ono. Sipuling'i ija imadikira mwaulemu mpaka chitsekerero chimasuke, kenako imadumpha n'kugwera m'beseni la oyilo wotentha, kasefa ndi chitsekerero chomwe n'kuitsatira. Oyilo wake ndi pafupifupi lita imodzi yokha, koma amakwanira dzanja, malaya, khonde ndi galu. Beseni lake linali la mayi a kunyumba, lonyikiramo mphale. Nkhani imeneyo ili m'manja mwa ankhoswe, sindingaiyankhulepo m'nyuzipepala.

Ambiri pa siteji sadziwa kuti mulinso sefa yachiwiri, yozungulira, imene imaponyera zinyalala za mu oyilo m'mbali mwake injini ikamalira. Imeneyo anaiika mkati, kuseri kwa chivundikiro cha kumanja kumene kuli klatchi. Kuti uifike uchotse kiki, uchotse popondera, mwina umasulenso ekizozi, kenako mabawuti a chivundikiro amene amaoneka ofanana pamutu koma ena ndi aatali, ena aafupi. Gasiketi imang'ambika, ndipo imasankha kung'ambika Lamulungu masana mashopu a sipeya atatseka. Ukafika pa sefayo umapeza timasikuluwu titatu ta mtanda tikukuyang'ana.

Pa njinga za ku Japan timasikuluwu totere tili ndi muyezo wakewake wotchedwa JIS, ndipo tambiri tili ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva wa mumsika amakhala wa mtundu wa Phillips, amene ukapotokola mwamphamvu amaterereka n'kudya mtanda uja mpaka patsale dzenje losalala. Pa yanga sipafunika sayansi yonseyo. Chitsulo chake n'chofewa moti ukangochiyang'ana mwaukali chimaperepeseka. Apa m'pamene amakaniko a ku Mchesi ndi ku Ndirande amatulutsa madigiri awo awiri, hamala ndi tchizulo.

Komabe theka la mpanda wotchinga mabawutiwu tinamanga tokha. Njinga ikangofika, tisanagule n'chisoti chomwe, timathamangira nayo kwa wowotcherera. Kaliyala atalikitse kuti pakwane matumba a makala. Zitsulo zotchinga miyendo aziwirikize. Kenako sipika, magetsi ophethira amitundumitundu, lona wa pa chishalo, ndi mphira wa tchubu womanga chilichonse chogwedera. Wowotcherera wanga atamaliza anapukuta manja m'thalauza n'kunena kuti, "Bwana, ichi sichidzachoka mpaka Yesu adzabwere." Munthu wachilungamo uja. Chitsulo chakecho chinadutsa ndendende pamwamba pa chivundikiro cha batire. Lero kuti ndithire timadzi m'batire, kapena ndisinthe kafyuzi, ndiyenera kubwerera kwa yemweyo kuti adule ndi galainda, ine ndichite zangazo, iye awotchererenso, ndipo zonsezi ngati magetsi alipo. Akandiona ndikukhota pa geti amatuma mwana akatenge mpando.

Mbali inayo kuli sefa ya mpweya, kasiponji kofunika kuchapa n'kupaka oyilo pang'ono. Ndi fumbi la mu Okutobala la m'misewu ya ku Chinsapo, kamayenera kuchapidwa pafupipafupi. Kanga kali kuseri kwa sipika. Ndiye ndimasankha pakati pa mapapo a njinga ndi nyimbo za makasitomala, ndipo olipira ndi makasitomala.

Za mavalavu ndiye musanene. Kabuku ka CG125 kamati mpata wake ukhale mamilimita 0.08, ndipo umayezedwa injini itazizira. Kuzizira kwa njinga ya kabaza ndi m'mawa basi, nthawi imene anthu akuthamangira kuntchito, anzanga akutola ndalama. Kuti zala zangazi zipeze potembenukira, thanki iyenera kuchoka. Thanki siichoka chishalo chisanachoke, ndipo chishalo chapanidwa ndi kaliyala wodikira Yesu uja. Tsiku limenelo thanki imakhala yodzaza ndi petulo wochita kugonera pamzere, ndipo kampopi kake kamayamba kudontha nthawi yomweyo. Choyezera mpatawo ndinachionapo pa foni. Makaniko wanga amayezera lezala, akamaliza n'kulibwezera m'thumba la malaya, akuti n'lometera Loweruka.

Ntchito zonsezi sizichitika mwachinsinsi. Ukangogona pansi pa njinga, anthu amamera. Alamu anga, amene sanayendetsepo ngakhale wilibala, amaima manja ali kumbuyo: "Alamu, mukupotokolera kolakwika kumeneko." Wina amalumbira kuti vuto ndi kabuleta, ngakhale akuona kuti ukukunga tcheni. Wodutsa ndi njira amafunsa ngati ikugulitsidwa. Agogo a nyumba yoyandikana nafe anandilangiza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinadekhadi mpaka dzuwa kulowa. Nkhonoyo sinatulutse maso, anga ndi amene anafiira psuu. Sipanala ya 10, imene imamasula theka la njinga yonse, imasowera m'khamu lomwelo, ndipo aliyense amathandiza kufunafuna.

Amene amandipulumutsa ndi mwana wanga wa Sitandade 4. Kadzanja kake kamalowa paliponse. Poyamba ankalandira chitumbuwa n'kuthokoza. Pano wazindikira kuti alibe wopikisana naye, ndiye akufuna ndalama, zoperekeratu ntchito isanayambe. "Adadi, mukapanda kulipira muitane amalume," amatero akuloza alamu anga aja. Chondidetsa nkhawa n'chakuti akukula. Ndinapempha mayi ake kuti nsima azimuchepetserako pang'ono. Anangondiyang'ana, n'kumuwonjezera chipande china.

Chimene chimanditonthoza n'chakuti za olemera nazonso n'chimodzimodzi. Honda Gold Wing, chinjinga cha masilinda 6 chotha kubwerera chammbuyo chokha, sefa yake ya mpweya inakwiriridwa pansi pa mapulasitiki ndi mawaya ochuluka moti kuisintha kumadya maola angapo. Kungoti mwini wake amakhala pa sofa akumwa khofi pamene wina akuvutika, ndipo palibe mlamu woima kumbuyo kwake.

Zodabwitsa zenizeni zimabwera pomanga. Zonse zikabwerera m'malo, njinga n'kulira bwinobwino, pansi pamatsala mabawuti ndi kawashala, opanda kwawo. Ndimazungulira njinga yonse kufuna dzenje losowa mwini, osalipeza, ndiye ndimawaponya m'chitini cha mkaka chimene chili pawindo. Chitinicho chikulemera, njinga ikupepuka, ndipo makasitomala ayamba kufunsa chimene chikugogoda kumbuyoko. Ndimawauza kuti ndi nyimbo, n'kukweza sipika. Mmene zikuyenderamu, chaka chamawa ndidzakhala ndi njinga ziwiri, ina pamsewu, ina m'chitini. Mayi a kunyumba anena kale kuti ya m'chitiniyo ndi yawo, yolipira beseni.